Siketi ya Tumpale

Amayi, kukucha bwanji kumene muliko? Kuno ku Kaporo tilipo, kungoti tilipo basi. Mundikhululukire polemba m'Chichewa. Pakamwa panga ndi Chinkhonde chanu chomwe chija, koma dzanjali kusukulu linaphunzira Chichewa chokha.

Madzi anasefukiranso chaka chino n'kukokolola mpunga wa kumunsi kwa munda wanu. Wa kumtunda tinakolola, utifikitsa. Mpongozi wanu anachira mwana wamkazi ndipo tinamupatsa dzina lanu. Anthu akandifunsa ngati ndasangalala ndimavomera, koma chikuikireni m'manda sindikumva kukoma kapena kuwawa. Ndimadzuka, ndimapita kumunda, ndimabwerako.

Nkhani yaikulu ndi ya chitsiriza wanu, Tumpale. Mukukumbuka atangoyamba sekondale ku boma, pamene anabwera patchuthi ndi ndodo yokhota kumapeto? Munaitembenuza uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Khasu lopanda chitsulo ili mumalimira chiyani?" Iye anati ndi ya hoki, masewero omenya kampira kolimba ngati mwala. Munaseka mpaka kutsokomola, komabe ndinu nomwe munamusokera pamanja siketi yosewerera.

Mu Fomu 2 anali atayamba kale kugoletsa. Aphunzitsi awo a masewero, mayi wa ku Dedza, anandifunsa kuti, "Kodi mwanayu dzanja limeneli analitenga kuti?" Ndinawauza kuti kwathu timapuntha mpunga. Mu Fomu 3, chaka chomwe munatisiya, anamusankha kukhala kaputeni, ndipo sukulu za ku Rumphi ndi ku Mzuzu zinkabwerera zitazolika. Ndinakamuonera kamodzi. Amathamanga atawerama ngati akuwokera mbande, kampira kosachoka pandodo. Anthu ankakuwa dzina lake, ine ndinangoima pansi pa mtengo n'kumaganiza kuti mukanamukalipira chifukwa cha fumbi. Chaka chino anamusankha kuti akaimire chigawo chathu ku Blantyre.

Sanapiteko, amayi. Atamaliza masewero omaliza pabwalo la ku boma, anathamangira kumsika kukagulira anzake nzimbe, chitenje atachiiwala pa benchi. Lamulo lija mukulidziwa, loti chovala cha mkazi chizibisa mawondo. Pabwalo amalekerera, pamsewu ayi. Anyamata a chipani anamuimitsa n'kumugwaditsa pafumbi pakati pa msika kuti aone ngati siketi ikhudza pansi. Sinakhudze. Amayi ogulitsa usipa amene ankamuimbira m'manja masana omwewo anangoyang'ana m'madengu mwawo, ndipo sindikuwadzudzula, nanenso ndikanatero.

Anyamata aja anamuperekeza kwa ahedi. Ahedi ndi munthu wabwino koma ali ndi ana oti adyetse. Anafufuta dzina lake pa mndandanda wa opita ku Blantyre n'kumubweza kunyumba. Anati ngati akufuna kudzalemba mayeso a Fomu 4, abwere ndi womuyang'anira, apepese, ndipo aonetse siketi yomweyo itatalikitsidwa. Akapanda kutero, sukulu yathera pomwepo.

Atafika ndinamukalipira, koyamba chimwalirireni inu. Ndinkadziwa kuti posoka munapindira nsalu yambiri m'kati, ndipo tchuthi chilichonse munkamasula pang'ono n'kusokanso, uku mukudandaula kuti, "Mwana uyu akukulira m'miyendo mokha, nzeru zikutsalira." Ndiye ndinamufunsa kuti analephera chiyani kumasula yekha, mtsikana wamkulu ngati iye. Iye anati, "Achimwene, ulusi uwu ndi womaliza umene amama anasoka. Ndikaumasula ndikaupezanso kuti?"

Ndinaitembenuza siketiyo. Msoko wake ndi wokhotakhota, pena wothina pena wotayana, chifukwa nthawi imeneyo manja anu anali atayamba kunjenjemera. M'kati munali mutatsala nsalu yokwana chikhatho changa, yoti ikanabisa mawondo bwinobwino. Chaka chonse mwanayu wakhala akukula, akudziwa, akungodzikulunga chitenje.

Mlamu wake, mkazi wangayu, anadzipereka kuti amasule, iye anakana n'kuibisa pansi pa mphasa. Atate aang'ono anabwera n'kunena kuti ngati sukulu yakanika, ku Mlare kuli munthu wa ng'ombe zake amene wakhala akufunsa mbeta. Masiku anapita, anzake anakwera basi ya ku Blantyre, tinamva pawailesi kuti anagonja. Tumpale anamva nawo, anangopitiriza kupeta mpunga.

Dzulo masana ndili pakhonde anabwera ndi siketi ija ndi lezala. Anagwada n'kunena kuti, "Masulani inuyo. Ine sindingathe." Lezalalo sindinaligwiritse ntchito. Ndinatenga singano n'kumasolola ulusi pang'onopang'ono kuti usaduke, iye atakhala pambali panga akuyang'ana kumsewu. Unatuluka wonse wathunthu. Ndinaukulunga pa kamtengo ka machesi n'kumupatsa, ndipo anaumanga pa ngodya ya chitenje chake. Palibe analira. Mlamu wake wasoka msoko watsopano, wowongoka bwino, ndipo Tumpale sanauyang'ane n'komwe.

Pepani amayi, ndamasula ntchito ya manja anu. Sindikudziwa ngati adzagwirenso ndodo ija, ndipo sindinamufunse. Koma Lolemba ndinyamuka naye pa basi ya m'mawa. Akamugwaditsa mu ofesi ya ahedi, ine ndigwada pambali pake, ndipo mayeso amenewo alemba. Za ku Mlare musade nazo nkhawa ndikadali moyo.

Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Lusekelo