Mafuta pa Kamera ya Achimwene

Lolemba, 9 Juni

A Chiphaliwali akwiya. Ndi achimwene anga enieni, bere limodzi, koma akangovala mahedifoni aja amafuna aliyense aziwatchula dzina la pa intaneti, ngakhale amayi amene anawabereka.

Nkhani ndi ya timu ija ya gemu yowomberana. Kaputeni wake wawalembera kuti akusowa munthu mmodzi, ndipo adzaonera laivu yathu, pamene timaonetsa gemuyo pa intaneti ikuseweredwa, Loweruka masana asanasankhe. Koma akuti chithunzi chathu chili mbuu. Munthu wa mu gemu akangothamanga, udzu ndi makoma zimasanduka timabokosi, mdani osaoneka, nkhope ya achimwene ngati ali m'bafa la nthunzi. Walemba kuti, "Konzani, ndikufuna ndione bwino."

Ndangofika kuchokera ku shopu, chikwama chikadali kumsana, iwo ayamba kale: "Iwe Nazingwe, tsiku lonse umakonza mafoni a eni ake, za pakhomo zikukukanika?"

Ndinati ndiyankhe. Chibwibwi chinandigwira pa liwu loyamba lenilenilo. Anadikira kaye, kenako anandimalizira monditsanzira, mutu ukugwedera. Amayi anaseka kukhitchini. Mwina sanafune, koma anaseka.

Ndilembe pano poti pakamwa zimandikanika. Wosewera gemuyo si iwo, ndi INE. Kuyambira Febuluwale, pamene makina odulira mapepala kuntchito kwawo anawaphwanya dzanja lamanja. Zala zitatu zinafa, sizipindika. Oonera anangouzidwa kuti Chiphaliwali ali patchuthi. Chibwerereni, iwo amakhala pa kamera ndi padi yosewerera gemu yopanda batire, kukuwa ndi kugwedeza mapewa. Ine ndimakhala kuseri kwa wadiropu pa kampando ka pulasitiki, ndi padi yeniyeni ndi kasikirini kanga. Anthu 1,900 amawombera m'manja munthu amene sangamange yekha batani la malaya.

Lachiwiri, 10 Juni

Chimene iwo sadziwa n'chakuti chimbuuzi chimenechi ndinachipanga ndine.

Tsiku loyamba lija la seweroli, ndinayang'ana pa kasikirini ndipo dzanja lawo lovulala lija linali poyera, lili gone pa padi, osasuntha. Zinandimvetsa chisoni. Iwo atapita kukamwa madzi ndinatenga kadontho ka mafuta odzola n'kupaka pa galasi la kamera. Ndinatsitsanso bitireti, ndiye kuti deta imene kompyuta imatumiza pa sekondi iliyonse, mpaka 1,500, n'kusiya zonse pa waifai yathu yofooka ija. Sindinawauze. Ndinkati ndikuwasungira ulemu. Mpaka lero amakhulupirira kuti ndi luso lawo. "Ndimawapusitsa onse, mwana iwe. Ine ndinabadwa wa zisudzo."

Tili ndi kalamulo kathu kamodzi. Akachotsa dzanja lamanzere pa padi, kaya kukanda mphuno kaya kukonza hedifoni, ine ndimabisa munthu wathu wa mu gemu kuseri kwa khoma mpaka dzanja libwerere. Miyezi inayi sindinaphonyepo.

Lero pa laivu ndinayetsemula. Wina anafunsa mu makomenti kuti ndani ameneyo. Iwo amvekere, "Ndi mlongo wanga, Nazingwe. Mukumufuna? Mumufunse dzina lero, yankho mudzabwere kudzatenga Lachisanu." Kenako anayamba kunditsanzira, nthawi yaitali, mpaka malovu. Makomenti anadzaza ndi tinkhope toseka.

Nthawi yomweyo n'kuti ine ndikuwaphera adani atatu pa masitepe. Zala zanga sizinaime n'komwe. Chimene chikundinyansa kwambiri n'chimenecho.

Lachitatu, 11 Juni

Ndabwereka ku shopu chingwe cha intaneti cha mamita khumi ndi asanu, kansalu kopukutira magalasi ndi kabotolo ka sipiriti.

Lachinayi, 12 Juni

Ntchito yeniyeni lero, ndipo ndisaname, ndimaidziwa.

Waifai ndaichotsa. Chingwe ndachikoka kuchokera pa rauta pabalaza, kudutsa pansi pa chitseko cha achimwene, kutsata khoma, ndachimata ndi tepi kuti amayi asapunthwe. Liwiro lotumizira lachoka pa 3 lafika pa 20. Bitireti ndakweza kufika 6,000. Achimwene amaumirira kukula kwa chithunzi kwa 1080 chifukwa nambala yaikulu imawasangalatsa, koma ndatsitsa pa 720 n'kuchulukitsa mafulemu, ndiye kuti zithunzi za pa sekondi iliyonse, poti gemu yothamanga imafuna zimenezo. Ntchito yopanikiza kanema ndaichotsa pa purosesa, imene imatentha ngati simbi, ndaipatsa khadi la zithunzi. Ndajambula mphindi ziwiri zoyesera. Udzu ukuoneka umodziumodzi. Ngakhale utsi wa mfuti ukuoneka mmene ukupotokera.

Iwo anaonera ali chiimire kumbuyo kwanga. "Waona? Iwe umafunika kukalipiridwa kuti ubongo uyake."

Kamera ya nkhope sindinaikhudze. Ndinawauza kuti imeneyo tiisiye mmene ilili. Chiganizo chimodzi chimenecho chinanditengera nthawi, thukuta mpaka kumsana, ndipo sanandilole kufika pa chifukwa chake.

"Nsanje basi! Ukufuna nkhope yanga isaoneke poti yako ndi yobisa kuseri kwa wadiropu? Kaputeni wati aone bwino. Konza zonse. Wamva? ZONSE."

Amayi anasuzumira pakhomo. "Tangochita zimene akunena achimwene ako. Mwanayu wavutika kale."

Ndinawachenjeza. Zilembedwe pano kuti ndinawachenjeza kamodzi. Kachiwiri sindinafune.

Lachisanu, 13 Juni

Ndapukuta galasi la kamera. Kadontho kamodzi ka sipiriti, kansalu, kuzunguliza katatu. Mafuta a miyezi inayi achoka ndi fumbi lake lomwe, kansalu kada bii. Fokasi, ndiye kuti pamene kamera imalunjika kuti paoneke bwino, ndaichotsa poti izidzisankhira yokha, ndaiika ndekha. Ndabweretsa nyale ya patebulo langa n'kuiloza pampando wawo.

Kupukuta anandituma. Nyale, tingoti anandituma. Koma kuweramitsa kamera pang'ono kuti manja alowe bwino, zimenezo sanandiuze munthu.

Anakhala pampando kuti tiyese. Pa sikirini yawo amadziona pa kabokosi kakang'ono ka pakona, kukula kwake ngati bokosi la machesi, ndipo amangoyang'anapo tsitsi. "Eyaa! Ameneyu ndiye Chiphaliwali." Ine pa kasikirini kanga ndinakulitsa chithunzi. Zipsera za ulusi wa kuchipatala zikuwerengeka. Zala zitatu zili njoo. Kanyale ka padi kali kozima. Mtima wanga unakoma, ndisabise. Unakoma kwambiri.

Madzulo ndikupita kukaanula zovala ndinadutsa pa chitseko chawo, chinali chotsekuka pang'ono. Anali pa bedi, akuyesa kutola cholembera ndi zala zakufa zija, monga anawauzira a kuchipatala. Chikugwa, akutola ndi lamanzere, akuchiikanso pa bondo. Sanandione.

Ndinaima pamenepo kanthawi ndithu. Kenako ndinapita kukamangitsa sikulu ya kamera kuti isasunthe mawa.

Loweruka, 14 Juni

Zachitika.

Tinayamba 2 koloko masana. Anthu 2,400, sitinafikepo pamenepo. Kaputeni analowa n'kulemba moni. Makomenti onse anali a chithunzi: "Lero ndiye mwasamba!" "Kodi munali wokongola chonchi?" Achimwene mano onse panja. Anati agula makina atsopano ndipo akonza okha usiku umodzi.

Ndinasewera ngati sindidzaseweranso. Sindinasewerepo choncho chibadwire.

Patatha mphindi khumi ndi imodzi wina analemba, "Padi yazima bwanji?" Kenako wina: "Tayang'anani dzanja lamanja." Wina: "Zala sizikuyenda, akuwombera ndi chiyani?" Iwo n'kuti akukuwa za mdani wa padenga, makomenti osawerenga.

Kenako anakweza dzanja lamanzere kupukuta thukuta pachipumi. Nyale yanga ija imatentha. Mu gemu khoma linali pomwepo, sitepe imodzi. Sindinabisale. Ndinadumphira pawindo, ndinatembenuka m'malere, ndinapha awiri, dzanja lawo lili pamutu ndipo linalo lili gone.

Makomenti anathamanga moti sindikanatha kuwerenga. Ndi pamene iwo anayang'ana. Ndinaona nkhope ikusintha, bwinobwino, popanda kabokosi ngakhale kamodzi.

Kaputeni analemba, "Bwana, kwezani manja onse awiri."

Sanakweze. Anaseka kaseko kouma, amvekere intaneti ikuchedwetsa chithunzi. Wina analemba, "Ndiye tangotipindirani zala tione." Ena anatengera pomwepo, pindani, pindani, pindani. Ndipo mayo ine, anayesa. Pamaso pa anthu onse aja anakweza dzanja lija n'kuyesa. Chala chachikulu ndi chaching'ono zinakumana, zitatu zija zinangoti njoo. Wina analemba kuti NKHANU. Basi dzina linagwira pomwepo.

"Nazingwe, zimitsa." Ananena motsitsa, osatembenuka.

Batani lozimitsira lili kumbali kwanga, pafupi ndi bondo. Mu gemu munatsala adani anayi.

"Mlongo wanga, chonde."

Ndinamaliza kaye anayiwo, mmodzimmodzi, osafulumira. Sikirini inalemba kuti Chiphaliwali wapambana. Ndi pamene ndinazimitsa.

Lamulungu, 15 Juni

M'nyumba muli zii. Sanatuluke m'chipinda. Chakudya amayi akuwasiyira pakhomo, chikubwerera chosakhudza.

Amayi anandipeza ndikutsuka makapu. "Unadziwa kuti zitero?"

"Eya."

Linatuluka losalala, kamodzi n'kamodzi, popanda kugwira paliponse. Amayi anandiyang'ana ngati andipeza ndi mpeni. Anati ndichoke pamaso pawo. Ndinamaliza makapu kaye.

Kaputeni walemba ku akaunti ya achimwene, ndipo mauthenga ake ndimatsegula ndine. Akuti malo aja a Chiphaliwali aiwale. Akuti koma amene amasewera kumbuyoyo amupeze. Ndawerenga kasanu. Ndamutumizira nambala yanga, uthenga wake ndafufuta.

Lachiwiri, 17 Juni

Otsatira achoka pa 1,900 afika pa 600. Otsalawo akudikira kuti adzatukwane.

Ku shopu kasitomala wina, ndangomusinthira sikirini, anati tiyese ngati ikuonetsa bwino. Anatsegula kakanema. Ndi achimwene, akuyesa kupinda zala, wina waikapo nyimbo yovinira ndipo dzanja likubwerezabwereza motsatira ng'oma. "Mwamuona Nkhanu, asisi? Koma kamera yake ndi yabwino bwanji!" Anaseka mpaka kugwira kauntala.

Ndinaseka nawo. Atachoka, kasikulu kamodzi kanandigwa katatu, mpaka abwana anafunsa ngati ndadya.

Kunyumba chingwe chija ndati ndichimatule ndibweze ku shopu. Chitseko chawo n'chokhoma, mbali ina ili mkati. Ndagogoda, osayankha. Ndachisiya.

Lachinayi, 19 Juni

Nthawi ya nkhomaliro ku shopu foni inalira. Chiphaliwali ali laivu.

Ndinaganiza kuti wina waba akaunti. Ndinatenga foni yoyesera ya pa shopu, imene dzina lake ndi manambala okhaokha, n'kulowa.

Ndi iwo. Okha. Malaya ovala chopindika, kamera ili pomwe ndinaimangira, nyale yanga yoyaka. Padi aikamo batire, kanyale kake kakuwala. Aigoneka pa ntchafu, akuyendetsa ndi lamanzere, mabatani akudinda ndi mfundo za zala zakufa zija. Sakukuwa, sakuseka, sakulankhula chilichonse.

Oonera 41. "Nkhanu yabwera!" "Mlongo wako ali kuti, atithandize?" Munthu wawo anayenda molunjika khoma n'kukakamira pamenepo. Anawomberedwa kumsana. Anayambiranso. Anagwa padenga yekha. Anayambiranso. Chithunzi chili mbee, ntchito ya manja anga, osadukiza ngakhale kamodzi. Thukuta likuoneka likutsika m'khosi, mtsempha wa padzanja ukugunda.

Kutukwana munthu wosayankha kumatopetsa. Anthu anayamba kuchoka. 20. 9. Pofika imfa yachisanu ndi chiwiri anatsala atatu. Pa yachisanu ndi chinayi nambala inalemba 1.

Anaiyang'ana nambalayo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mu kamera mwenimweni.

"Ndikudziwa kuti ndiwe. Ino ndi nthawi yako yopuma." Anapukuta kukamwa ndi phewa. "Chikuoneka bwino chithunzi?"

Ndinalemba zambiri, ndinafufuta. Ndinalembanso, ndinafufuta. Ngakhale zala zinachita chibwibwi. Mapeto ake ndinatumiza liwu limodzi: "Chikuoneka."

Anawerenga, anagwedeza mutu.

"Ndiye usachoke. Uonere mpaka ndimalize."

Anadina batani ndi mfundo ya chala. Nthawi yopuma inatha kalekale, pa kauntala pali anthu awiri akudikira. Foni ndaitsamiritsa pa bokosi la zida, ndikulemba izi ndi diso limodzi. Afa kakhumi ndi kanayi tsopano, ndipo ayambiranso.