Mawaya Awiri Okha

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko. Kuno ku Sinda tilipo, mwendo wa amayi ukuchira.

Ampulifaya imene munatumiza ya ukwati wa Tisa yandidanitsa ndi abale. Alamu aPhiri analumikiza sipika imodzi mosemphanitsa, waya wofiira pamalo pa wakuda. Sipika ina ikamakankha mpweya inzake ikukoka, besi yatheratu. Nditati ndikonze anandichotsa dzanja, amvekere, "Yunivesite inakukanikani, ndiye izi mungazithe?" Sukulu ndinasiyadi, koma makutu sindinawasiye kumeneko.

Tsopano amalume akuti ampulifayayo ndi yakufa, mawa akaigulitsa ku Katete, chonsecho ukwati uli Loweruka. Chonde aimbireni lero, andilole ndisinthanitse mawaya awiri okhawo. Ine sandimvera, amamvera inu otumiza katundu.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Yotamu