Malikisi a Kalabu Yanu ya Mpunga

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumene muliko? Ife kuno tilipo.

Chikuikireni m'manda sindinakuuzeni kanthu. Akazi awo a achimwene Zuze anachira, mwana wamkazi, makutu ngati anu. Mapira chaka chino anapsa ndi dzuwa asanakhwime, koma mbatata ya kudimba yatigwira dzanja. Mbuzi yanu yamawanga ija inafa, sitikudziwa chimene inadya.

Ine ndinapeza ntchito ku Nchalo, pa kampani yogulitsa mapampu a sola othirira mbewu. Sindigulitsa ndine. Ine ndimayendera maesiteti ndi makalabu a alimi, kukaona ngati akufanana ndi kasitomala amene kampani imafuna. Kasitomala ameneyu anamukonza kale ku ofesi: akhale ndi munda waukulu, akaunti ku banki, msewu wodutsika chaka chonse, ndipo malo ake asamamire m'madzi. Pa chilichonse ndimapereka malikisi pa foni. Akachuluka, dzina limabiriwira ndipo ogulitsa amapitako. Akachepa limafiira, sitipondakonso.

Mwezi wathawu ananditumiza ku Makhanga, ku kalabu yanu ya mpunga. Mpando wanu wa utcheya anautenga ndi mng'ono wanu, amayi aang'ono a Fanita. Atamva kuti ndikubwera anasonkhanitsa amayi onse, nandiphikira mpunga watsopano ndi mlamba wowamba. Anandionetsa ngalande imene munakumba nawo, ndi zidebe zimene amasenzabe kuchokera kumtsinje. Anati, "Tinkadziwa kuti mwana wa malemu sangatiiwale. Takhuta, mwananga, zikomo kwambiri."

Ndinadya. Kenako ndinakhala pa chitsa ndi foni ija. Minda ndi timagawo ting'onoting'ono. Akaunti alibe. Za msewu sindinafunse, poti ine ndemwe ndinali nditabwera pa bwato. Pa funso la madzi ndinangoyang'ana khoma la tchalitchi, mzere wa matope ukuonekabe pamwamba pa mazenera. Ndinalemba zimene ndinaona. Dzina linafiira. Amayi aang'ono anasuzumira paphewa panga nafunsa, "Kufiirako ndiye kuti takhoza?" Ndinawayankha kuti zimenezo amakaona ndi a ku ofesi.

Nditabwerera ndinawauza abwana kuti kumeneko ndi kwathu. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anati, "Losita, malikisi si chilango. Pampu titakaika kumeneko, madzi akabwera ipita." Sananame. Ndinangoti chabwino, n'kukwera njinga yamoto kupita ku Makhuwira, kumene esiteti ina ya nzimbe inabiriwira ndisanamalize n'komwe mafunso.

Amayi, ndakhala ndikudikira kuti mtima undipweteke, koma sukupweteka. Munkandiseka kuti, "Iwe umalira ngakhale nkhuku ikamaphedwa, udzakhala bwanji pabanja?" Chichokereni pamaliro panu misozi sinabwere. Ndimadzuka, ndimasamba, ndimapereka malikisi. Zakudya zonse zimangokoma mofanana.

Achimwene Zuze anamva nkhaniyi kwa dalaivala wa kampani yathu, ndipo foni yanga sakuyankhanso. Koma sanakawauze amayi aang'ono. Dzulo ndinamva kuti amayi a kalabu alambula malo m'mphepete mwa mtsinje, amangapo kachisakasa ka bango koti pampu izidzakhala pamthunzi. Akuti akusinthana kusesapo.

Loweruka ndiwoloka mtsinje kupita ku Makhanga. Sindiwauza pa foni, ndipo sindinamizira a ku ofesi. Ndikakhala nawo pamphasa n'kuwauza kuti pampu sibwera, ndipo amene analemba ndine. Akafuna kundikalipira ndikhala pomwepo mpaka amalize. Pobwerera ndidzera kumanda, ndikuzulireni udzu. Zimenezi ndalonjeza.

Ndimakukondani, Amayi. Ichi chokha ndikuchidziwa, ngakhale masiku ano sindikuchimva.

Ine mwana wanu,
Losita