Dzina la situdiyo ya achimwene

Lolemba, 6 Okutobala

Imelo yochokera kukampani yosunga dzina la webusaiti. Dzina la situdiyo ya achimwene litha pa 27. Mtengo akwezanso. Chaka chatha analipira okha, asanagonekedwe kuchipatala. Ndauza Mawaya, mnzanga wa makompyuta kuofesi. Akuti, "Samutsa, aise. Dzina ndi lomwelo, ungosintha landilodi." Wandisonyeza kampani ina, theka la mtengo. Ndinasangalala pang'ono. Kenako manyazi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Kusamutsa kumafuna nambala yachinsinsi, ndipo amaitumiza ku imelo ya mwini dzina. Mwini ndi achimwene. Pasiwedi anapita nayo kumanda. Ndayesa tsiku la ukwati wawo, dzina la galu wathu wakale, timu yawo yampira. Zonse zakana. Alamu, akazi awo, pafoni: "Aja ngakhale nambala ya khadi yakubanki sanandiuzepo." Anaseka.

Loweruka, 11 Okutobala

Akaunti ya kukampaniko ndinawatsegulira ndine ndili ku yunivesite, ndiye ndimalowamo. Pamalo a mwini ndafufuta dzina lawo, chilembo chimodzichimodzi kuyambira kumapeto. Ndalembapo langa ndi imelo yanga. Pansi panali kabokosi ndi timawu ting'onoting'ono. Sindinawerenge. Ndimangofuna zithe msanga.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Dzina alitsekera. Ukasintha mwini, dzina silisamuka mpaka patapita miyezi iwiri, pokhapokha utachonga kabokosi kaja. Mawaya waseka mpaka kutsamwa. "Digiri yonse ija, wagwetsedwa ndi kabokosi?" Ataona nkhope yanga anakandigulira tiyi. Chatsala n'kulipira konkuja, kodulako. Malipiro anga ndi pa 30, akabwera panthawi yake. Ine nthawi zonse ndimaononga zinthu poyesa kuzikonza.

Lamlungu, 19 Okutobala

Kusitudiyo. Nsalu yabuluu yojambulirapo anthu ikadali pakhoma, yayamba kuyezuka m'mphepete. Alamu akujambula okha tsopano, zambiri ndi zithunzi za ziphaso. Chithunzi chilichonse amachidinda kumbuyo ndi chidindo cha achimwene, chokhala ndi dzina la webusaiti. Akuti pali banja lina likufuna wojambula paukwati, awauza kuti akaone zithunzi pa intaneti. Potsanzikana anati, "Alamu, tsamba lija muzilisamala. Mmawa uliwonse ndimalitsegula ndisanatsegule chitseko." Ndinangoti chabwino.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Lazima. Ukalemba dzina lija pakubwera tsamba loyera ndi malonda a inshuwalansi. Zithunzi za achimwene zaka zonse zija, osaoneka n'chimodzi chomwe. Alamu ayimba katatu, sindinayankhe. Kachinayi ndayankha. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangofunsa kuti, "Nalonso lapita?" Ndawauza zonse. Mawaya akuti kampani imadikira kanthawi isanagulitse dzina kwa wina, koma pamakhala chindapusa. Kubwereka ndalama ndalephera. Ndinafika mpaka pakhomo la ofesi ya abwana, n'kubwerera.

Lachisanu, 31 Okutobala

Malipiro sanalowe. Mvula. Nsapato yakumanzere ikulowa madzi.

Lachisanu, 7 Novembala

Alowa dzulo. Ndalipira mtengo wodula uja ndi chindapusa pamwamba. Lendi idikire. Masana tsamba labwerera: chithunzi chakale cha mkwatibwi akuseka pamasitepe, ndi chithunzi cha achimwene atakoleka kamera m'khosi. A ukwati aja anapeza kale wojambula wina. Alamu angotumiza mawu amodzi, "Laoneka."

Lisiti yabwera ku imelo yanga. Pa mwini palembedwa ine. Ndalowanso kuti ndibwezerepo dzina lawo. Ndalilemba lonse bwinobwino, kabokosi ndachonga ulendo uno. Pansi pake akufunsa imelo yoti mwiniyo aziyankhirapo. Kamzere kakungophethira m'malo opanda kanthu. Mawaya akuzimitsa magetsi, akuti tiyeni, ndipo ine ndikadali pampando, ndilibe imelo yoti ndilembepo.