Ankhoswe Pakampando ka Ana

Lolemba, 3 Juni

Chiperoni tsiku lonse. M'nyumba zii. Pilirani akadali kwa mayi ake ku Kanjedza, mwana naye ali komweko. Ankhoswe akuti tikumane pa 23. Ndikapanda kusonyeza kuti mowa ndasiyadi, banja latha. Kulumbira ndiye ndinalumbira kambirimbiri, palibenso amamvera.

Godfrey, mnzanga wa kuntchito ku Makata, akuti m'tauni muno muli kagulu ka anthu osiya mowa. Amakumana n'kumangocheza. Kucheza basi? Popanda jakisoni, popanda mapiritsi? Komwe amakumana sakudziwa. Iye akuti chiwindi chake n'chachitsulo.

Lachinayi, 6 Juni

Kufunsa kwake n'kochititsa manyazi. Ku famase ina ku Limbe ndinati ndikufunsira m'bale wanga. Mtsikana wogulitsa anandiyang'ana maso ofiirawa n'kuti, "M'bale wanuyo mukamuuze azimwa madzi ambiri." Kondakitala wa minibasi anandilozera kwa mneneri wogulitsa mafuta odzozedwa. Ayi zikomo.

Nambala ndaipeza kwa namwino wa kukiliniki ya kuntchito. Ndaimba, anayankha mayi wina, a Hilda. Lachitatu tikaweruka, pasukulu ina ya mkaka kuseri kwa msika wa Limbe. Cholipira palibe. Nditafunsa ngati pamakhala alawansi, anaseka mpaka kutsokomola.

Lachitatu, 12 Juni

Ndapita. Timipando ta ana, mawondo kufika pachibwano. Bambo wina wa taye, mayi wogulitsa kaunjika, mlonda atavala kale yunifolomu. Palibe abusa, palibe bwana. Aliyense amatchula dzina loyamba lokha. Lamulo lalikulu: amene wamuona muno, kunjaku sunamuone.

Kenako chitseko chinatseguka. A Kingstone! Malume ake a Pilirani, ankhoswe akuchikazi, mkulu wa mpingo, a nyumba yampanda ku Nyambadwe. Ndinadzambatuka kuti ndiwapatse mpando, chizolowezi cha mkamwini. Mumtima ndikuti abwera kudzandizonda. Iwo anakhala pakampando kofiira n'kuti, "Ndine Kingstone, ndine chidakwa." Onse: "Moni Kingstone." Dzina lopanda "a"!

Anayamba liti? Munthu wa suti chonchija ankamwera kuti? Akazi awo akudziwa? Mafunso ali tho m'mutu, moti bala ya pasiteji ndinaidutsa osaiona.

Lachitatu, 19 Juni

Ndalankhula koyamba. Palibe anandidula mawu, palibe anandilalikira. Zodabwitsa. Kodi mankhwala ake ndi amenewa?

Pomaliza a Kingstone amatsuka makapu a tiyi. Munthu amene kwawo satenga yekha ngakhale madzi akumwa. Ine ndinkapukuta. Anandiuza chapansipansi kuti kunyumba amadziwa zoti Lachitatu amakhala ku komiti ya zomangamanga ya kutchalitchi.

Mtima wanga uli m'malo. Mboni ndili nayo, ndipo ndi nkhoswe yeniyeni. Lamlungu angotsegula pakamwa, basi.

Lamlungu, 23 Juni, madzulo

Ku Kanjedza. Pabalaza podzaza, Pilirani pampasa pafupi ndi khomo. Ndinafotokoza za kagulu kaja. Apongozi akazi anati, "Kagulu kopanda abusa, kopanda dokotala? Anakuonaniko ndani?"

Ndinayang'ana a Kingstone. Iwo ankayang'ana nsapato zawo. Akazi awo ali pambali pomwepo, chikwama cha Baibulo pamiyendo. Ndinadikira. M'bale wanga amene ndi nkhoswe yanga anandigunda ndi chigongono kuti nditchule munthu. Dzina linafika palilime penipeni.

Ndinati sindingatchule aliyense.

Apongozi anaseka kuseka kosasangalatsa kuja. Chigamulo: Pilirani akhale kaye komweko, za kubwerera tidzakambirana chaka chikamatha, ngati n'kotheka. Anachilengeza ndi a Kingstone omwewo, mawu ali bwinobwino. Pilirani analowa kuchipinda osacheuka.

Ndakwiya, ndakwiya zedi. Ku Limbe ndinaima pakhomo la bala mpaka miyendo kuwawa. Ndinagula chimanga chootcha n'kukwera minibasi. Kukagulu kuja sindipitanso.

Lachitatu, 26 Juni

Ndapita. Ndimangofuna ndikaone nkhope ya a Kingstone ikhala bwanji.

Analankhula oyamba, osandiyang'ana. "Lamlungu mwana wa eni ankamira, ine chingwe chili m'manja. Ndinaopa. Iye anandisunga, n'kutaya banja lake." Akuti Lolemba anawauza akazi awo zonse, dzulo anakawauza achemwali awo ku Kanjedza. Akazi awo sakuwalankhula. Ukulu wa mpingo mwina uthera pomwepo. Mawu aja oyankhulira pamaliro ndi pamaukwati lero ankaduka.

Makapu ndinatsuka ndine.

Ndili m'minibasi, uthenga wa Pilirani: "Musaganize kuti ndabwerera. Koma Loweruka bwerani mudzamuone mwana. Akumakufunsani."

Loweruka. Ndimete kaye. Nanga mwanayu nsapato pano akuvala saizi yanji? Sindikudziwa n'komwe.