Sileti yanga yapsa, banja lonse likufuna kundigulira tabuleti

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndili kuntchito, kuseri kwa kauntala ya dokotala wa mano komwe ndimalandira odwala. Pabenchi pali bambo mmodzi yekha, wagwira tsaya ndipo sakufuna kucheza ndi munthu, ndiye mpata ndaupeza.

Nkhani yanga ndi ya kachipangizo kowerengera mabuku. Mwina mumakadziwa: kopyapyala, kotuwa, kosawala, zilembo zake zimaoneka ngati zosindikiza papepala. Kalibe mitundu, kalibe nyimbo, kalibe vidiyo. Ndinakagula kwa mnzanga wina amene ankasamuka, ndipo ndakhala nako zaka zambiri. Kunyumba ankangokatchula kuti sileti ya amayi.

Kuti mundimvetse, ndikuuzeni za kwathu. Chinthu chikalowa m'nyumba mwathu chimabatizidwa, ndipo dzina la ubatizo ndi limodzi lokha: "chathu." Ambulera yanga ndi yathu. Thaulo langa ndi lathu. Foni yanga imandipeza madzulo itatentha ngati yachoka pamoto, batire itatha, mutadzaza zithunzi za mphuno za ana. Timakhala ine, bambo a ana, ana atatu, apongozi anga aakazi, komanso alamu anga, ang'ono awo a bambo a ana, amene anabwera kudzafuna ntchito mwana wotsiriza akuyamwa. Mwanayo pano ali pasukulu. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa sauma ngakhale dzuwa lifike paliwombo. Ana amawatchula kuti Nduna ya Sofa.

Sileti yokha ndi imene inapulumuka ubatizo. Tsiku limene ndinabwera nayo aliyense anaiyesa. Mwana wanga wamkazi, amene timamutcha Injiniya chifukwa anamasula wailesi ali ndi mano a mkaka, anaidinadina uku ndi uku n'kundibwezera. "Amayi, akupusitsani," anatero. "Ndi yakufa iyi." A Nduna anafunsa ngati imaonetsa mpira. Nditati ayi, anandiyang'ana ngati ndaferedwa. Kuyambira pamenepo ndinkatha kuisiya patebulo, pakati pa mtundu wonsewo, n'kudzaipeza pomwepo. Aphungu, ngati mumakhala nokha simungadziwe kukoma kwa kupeza chinthu pamene unachisiya. Ndinkawerenga m'basi m'mawa, kuntchito nthawi ya nkhomaliro, ndiponso pakhonde Lamlungu masana.

Lamlungu lapitali mvula inayamba mwadzidzidzi. Ndinasiya sileti patebulo n'kuthamanga kukaanula zovala. Pobwera ndinapeza apongozi aikapo ketulo ya tiyi yongochoka pamoto.

"Ine ndimayesa ndi kathabwa koikapo zotentha," anatero, mosatekeseka n'komwe. "Nanga si kamangokhala pomwepa osalira?"

Sikirini inachita mizeremizere ngati mbidzi, tsamba n'kuuma pomwepo. Ndinali nditatsala ndi mitu itatu kuti ndidziwe amene anapha mwini hotela m'buku limene ndinkawerenga. Mpaka lero theka la chiganizo likuonekabe pakona: chitseko chatseguka, wapolisi wadzidzimuka, basi.

Ndinakalira pang'ono kubafa. Potuluka ndinapeza banja lonse lagwidwa ndi chisoni chimene sindinachionepo, ngakhale nthawi imene ndinagonekedwa m'chipatala. Bambo a ana anandigwira phewa n'kunena kuti, "Mayi, musadandaule. Loweruka likubwerali ndi tsiku lanu lobadwa. Ndikugulirani tabuleti." Aphungu, bambo amenewa tsiku langa lobadwa amalikumbukira akaona ana akunyambita keke.

Chiyambire tsiku limenelo aliyense wasanduka katswiri wa kawerengedwe kanga. Bambo a ana akuti ikhale ya sikirini yaikulu poti maso anga akukalamba, komanso ya sipika yamphamvu. Ndinati buku silifuna sipika. Iwo anati, "Nanga tsiku lina mutafuna kuti lizikuwerengerani lokha?" A Nduna anadzuka pasofa, chinthu chimene sichichitikachitika, n'kunditengera pambali. "Alamu, mabuku a masiku ano ndi olemera," anatero. "Pamafunika makina othamanga, apo ayi tsamba lizichedwa kutembenuka." Munthu ameneyu buku lomaliza kuligwira ankaphera mphemvu. Apongozi nawo akuti, "Mayi a Injiniya, musankhe ya kamera yooneka bwino." Mwana wawo wamkazi amakhala kunja, ndipo foni yanga amati imaonetsa zidzukulu ngati zili m'chifunga. Wotsiriza wandifunsa kale kuti tsiku lake loigwiritsa ntchito lidzakhala liti.

Dzulo poweruka ndinadzera kushopu ya zamagetsi. Wogulitsa anati masileti sasunga. "Zachikale zimenezo, mayi. Tingakuitanitsireni, koma mudikira milungu ingapo. Bwanji tabuleti? Imachita zonse." Anandipatsa ina kuti ndiigwire. Sindikubisirani, mtima unagunda. Mitundu yake ngati maluwa a paukwati, kungoikhudza ndi chala tsamba n'kuuluka.

Ndiye ndisankhe yotani? Kodi n'zoona kuti imapweteka maso? Ndikakana, bambo a ana akhumudwa, poti n'koyamba kukumbukira tsikuli asanaone keke. Ndikavomera, ndikudziwa kuti pofika Lolemba ikhala itabatizidwa. Kodi ndine wodzikonda, Aphungu, kufuna kanthu kamodzi kokha koti kakhale kanga?

Bambo a tsaya aja ayamba kubuula. Ndithandizeni Loweruka lisanafike.

T.N., kuseri kwa kauntala, mtauni muno

Mayi T.N.,

Pepani ndi zovutazi. Malemu anali wabwino: wosalongolola, wosapemphetsa, wodya magetsi kamodzi pamwezi. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Sileti yanu inali yoipa nkhope, ndipo nyimbo imene inkaidziwa ndi yoti panalibe woisirira.

Tiyambe ndi uthenga wotonthoza. Chimene chapsa ndi sikirini, osati mabuku. Ngati munkawagula pa intaneti, akukudikiranibe komwe munawagulako: ikani pulogalamu yowerengera pafoni, lowani ndi dzina lanu, mitu itatu ija mumalize lero lomwe nthawi ya nkhomaliro. Ngati munkachita kukopera, lumikizani malemuyo kukompyuta ya kuntchito ndi chingwe chake, chifukwa nthawi zambiri nkhope imafa koma m'mimba muli moyo. Chitani zimenezi musanapite kushopu. Munthu amene sakudziwa wakupha mwini hotela amagula mopupuluma.

Tsopano tibwere kwa olira maliro. Kusukulu ya ukachenjede ndinaphunzirako chinthu chimodzi chimene chandithandiza pamoyo: komiti ikayamba kukufunira zabwino, gwira m'thumba. Tamvetserani bwino zimene akuuzani. Sikirini yaikulu ndi sipika yamphamvu, limenelo ndi bwalo la mpira. Makina othamanga ndi magemu a Nduna. Kamera ndi zidzukulu za kunja. Mwa anthu onsewa, ndani wakufunsani kuti chinthucho chimalemera bwanji m'dzanja limodzi, mutaimirira m'basi, dzanja linalo litagwira chitsulo? Limenelo ndiye funso la munthu wowerenga, ndipo silinafunsidwe. Abale anu sakukugulirani mphatso. Akugula wailesi yakanema yachiwiri, ndipo tsiku lanu lobadwa langowapeza ali kale panjira.

Za maso, wogulitsa sangakuuzeni zonse, poti iye ali ndi katundu pashelefu. Tabuleti siidzakuchititsani khungu, koma ndi tochi yoloza kumaso, ndipo ambiri amatopa nayo msanga kuposa sileti. Sileti dzuwa likawala zilembo zimaoneka bwino, pamene tabuleti mukatuluka nayo pakhonde masana mudzayamba mwaona nkhope yanu, tsamba pambuyo. Sileti imatha milungu osapempha magetsi. Tabuleti imafuna kudyetsedwa pafupifupi tsiku lililonse, m'nyumba imene ndikukhulupirira kuti nacho tchaja chinabatizidwa kalekale. Pamene tabuleti imapambana ndi pa magazini, mabuku a zithunzi, ndi mabuku a sukulu a masamba aakuluakulu. Inu mumawerenga za anthu ophana m'mahotela. Magazi ake mumawaona m'mutu, safuna mitundu.

Ndiye chitani izi. Apezeni bambo a ana muli awiriwiri, osati pamsonkhano wa banja pamene Nduna ili ndi voti. Yambani ndi kuwathokoza, ndipo muwathokoze mosanyinyirika, chifukwa khalidwe latsopano lili ngati mbande, limafuna kuthirira. Kenako nenani mosazungulira: "Mphatso imene ndikufuna ndi sileti ina." Muiitanitse, kapena mufunse kwa ogulitsa zogwiritsidwapo kale ntchito. Milungu ingapo yodikira si kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma tabuletiyo musaiphe ayi. Apa ndi pamene anthu abwino mtima ngati inu amalakwitsa. Woanika mpunga pabwalo amayamba wamwazira nkhuku madeya kuseri kwa nyumba. Ndalama zimene bambo anakonzera chitabuleti chachikulu chija zikhoza kukwanira zinthu ziwiri: sileti yanu, ndi katabuleti wamba ka banja. Kameneko kabatizeni nokha pakhomo, kasanalowe n'komwe, mokweza mawu: "Aka ndi kathu!" Kenako chokanipo. Bambo afuna mpira, agogo afuna zidzukulu, Nduna ikuti inali pakati pa gemu, wotsiriza akuti lero ndi tsiku lake. Nyumba imene ikukanganirana tabuleti siiona mayi akuwerenga pakhonde. Mudzapeza nthawi yochuluka kuposa imene munali nayo malemu ali moyo, ndipo mwina nayo foni yanu idzayamba kubwera yozizira.

Ngati thumba likana zinthu ziwiri, kapena sileti yasoweratu, sankhani tabuleti potsata lamulo la malemu: yosasiririka. Ikhale yaing'ono ngati buku la m'chikwama, yopepuka, yopanda polowetsa simu khadi. M'shopumo musalole kuti akuonetseni vidiyo ya mathithi ndi mbalame. Auzeni atsegule tsamba la zilembo zokhazokha, mupite nayo pakhomo pamene pali dzuwa, muwerenge mutaimirira, ndi dzanja limodzi. Onani ngati kuwala kwake kumatsika mokwanira, komanso ngati kumatha kusanduka kwachikasu. Muiikitse kapulasitiki kosanyezimira pasikirini. Musanafike nayo kunyumba, lowani mosinthira zinthu muzimitse mitundu, ikhale yakuda ndi yoyera, poti matabuleti ambiri amalola. Zimitsani timabelu tonse ta mauthenga. Ikani pasiwedi, koma isakhale tsiku lobadwa la mwana. Lanu likanakhala labwino kwambiri, poti m'nyumbamo linali chinsinsi, koma chaka chino laululika. Woopsa ndi Injiniya yekha. Ameneyo m'pezereni wailesi ina yoti amasule.

Ndikuchenjezeninso za wakuba amene simunamutchule. Mkonzi wa nyuzipepala ino anagula tabuleti chaka chatha kuti aziwerenga mabuku akuluakulu oyenera udindo wake. Lero amadziwa mikangano ya mabanja a anthu amene sanakumanepo nawo, amadziwa mphaka wina wa kunja amene amatsegula yekha firiji, koma buku lija likadali pa mawu oyamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sileti inkakutetezani kwa abale anu, inde, koma inkakutetezaninso kwa mayi uja amene mtima wake unagunda m'shopu dzulo. Wogulitsa ananena zoona kuti tabuleti imachita zonse. Vuto lake ndi lomwelo.

Mwafunsa ngati ndinu wodzikonda. Mayi amene wapereka ambulera, thaulo, foni ndi sofa yathunthu alibe mlandu woti ayankhe. Mawu akuti "changa" sanaletsedwe ndi boma kapena mpingo, kungoti pakamwa panu anachita dzimbiri. Ayesereni pa odwala anuwo. Sangakutsutseni, m'kamwa mwatupa.

Pomaliza, apongozi musawasungire mangawa. Pa banja lonselo ndi okhawo amene anaipezera sileti ntchito. Loweruka lomwelo muwagulire kathabwa koikapo ketulo, kokongola, kamaluwamaluwa, mukawapatse ndi manja awiri. Koma sileti yatsopanoyo isadzagonenso patebulo. Kuipa nkhope kunateteza malemu uja kwa akuba, koma kwa tiyi ayi.

Aphungu