Chiyamiko Abwerere ku Sukulu

Bangwe, Limbe
14 Ogasiti

Okondedwa achimwene a Blasius,

Moni kuchokera kuno ku Bangwe. Kaya muli bwanji uko ku Chiuta pamodzi ndi alamu a Jane ndi ana? Nanga mayi, mwendo uja wasiya kutupa? Mundiuze zoona, chifukwa iwo pa foni amangoti ali bwino ngakhale akulephera kufika kuchigayo.

Ife kuno tilipo, kupatula kachifuwa kamene kandigwira chifukwa cha fumbi la kuntchito. Bambo a Dave akadali pa ulonda pomwe paja. Dave wanu wakhoza, alowa Sitandade 4, ndipo akuti amalume amutumizire nsomba yaikulu ngati mkono wake. Madzi kumpopi akumatuluka kawiri pa sabata, choncho tikumadzukira kuchitsime ngati tili kumudzi.

Kalatayi ndapatsira a Usumani, aja amabwera ndi matemba kumsika wa Limbe. Ndasankha kulemba chifukwa tsiku lija pa foni tinangokwezerana mawu, netiweki n'kuduka tisanamvane. Muwerenge mutakhala pansi, kenako muwawerengerenso mayi.

Ndiyambe ndi za kuntchito. Paja mukudziwa kuti ndatha zaka zisanu ndi zinayi ndikusankha nandolo pa fakitale. Tinalipo amayi makumi atatu, ntchito yathu kuchotsa timiyala ndi nandolo wofumbwa. Matumba ambiri amachokera kwathu konko, ku Ntaja, ku Nsanama, ena ku Balaka. Nthawi zina ndikamamasula thumba ndimaganiza kuti mwina ndi wa m'munda mwa mayi.

Mwezi wa Juni abwana anabweretsa makina atsopano, aatali kufika kudenga. Nandolo amatsika m'menemo ngati mvula, makinawo amaona woipa n'kumuuzira pambali ndi mpweya. Ntchito imene tinkagwira tonse tsiku lathunthu amaimaliza dzuwa lisanafike pamutu.

Anatiuza kuti asunga anthu asanu ndi mmodzi oti aphunzitsidwe kuyendetsa makinawo, ndipo anatipatsa pepala la mafunso. Achimwene, pepala lonse linali m'Chingerezi, ndi masamu a makilogalamu. Ine nandolo woipa ndimamudziwa ndi chala ngakhale nditatsinzina, koma zimenezo sanafunse. Ndinalemba dzina langa, ndinayesa funso limodzi, kenako ndinangokhala ndi cholembera m'manja mpaka nthawi inatha. Pa amayi makumi atatu anakhoza awiri okha. Anayi enawo anakawatenga kunja.

Ine anandisiya kosoka matumba chifukwa akapitawo anandinenera. Mnzanga Ayisha wa ku Ntaja, amene tinayamba ntchito tsiku limodzi, anamuchotsa pamodzi ndi ena onse. Ndinamuperekeza kudepoti ali ndi ana atatu, matiresi ndi ndowa ya ziwiya. Sanalire. Anangoyang'ana manja ake n'kunena kuti mphamvu zikadalimo, koma sakudziwa kuti akazipereke kwa yani.

Amene akuyang'anira makinawo ndi mtsikana wa ku Rumphi, dzina lake Anastasia. Anaphunzira zamagetsi kukoleji, ndipo ndi wamng'ono moti ndikanatha kumubereka. Makina akaima, abwana eniake amaima pambali manja kumbuyo, kudikira kuti iye anene chavuta. Ndi mwana waulemu, masana timadyera limodzi kuseri kwa nyumba yosungiramo matumba.

Tsiku lina atamva kuti kwathu ndi ku Machinga, anandiuza kuti poyamba abwana ankafuna kuika makinawo ku Liwonde, pafupi ndi minda komanso njanji. Iyeyo ndi amene anatumidwa kukayesa ofuna ntchito. Anati achinyamata anabwera ambirimbiri, ena wapansi kuchokera kutali, koma ambiri anali olekezera ku pulayimale, ndipo okhoza mayesowo sanakwane. Kaya chifukwa chinali chokhacho ine sindikudziwa, mwina panalinso za magetsi, koma makinawo ali kuno. Nandolo wathu amadutsa pa Liwonde pomwepo pa lole, ntchito yake n'kudzagwiridwa ndi ana a eni kuno. Ananena mwachisoni.

Anandiuzanso kuti ali ndi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene anabereka ali Folomu 3. Anati azakhali ake anatenga khandalo, iye n'kubwerera m'kalasi, ndipo anzake anamuseka teremu yonse. Nditamva zimenezi mtima wanga unathamangira kwa Chiyamiko, mwana wa malemu achemwali athu a Martina.

Achimwene, ndikudziwa mmene mwanayu anakupwetekerani mtima. Achemwali atatisiya munamutenga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo simunamusiyanitse ndi ana anu. Atasankhidwa kupita ku sekondale munapha bakha, mudzi wonse unadziwa. Alamu anandiuza kuti zitadziwika kuti ndi woyembekezera munakhala masiku awiri osadya, ndiponso kuti mnyamata amene anamupatsa mimba uja atathawira ku Mozambiki munaoloka nyanja kukamufunafuna. Mkwiyo wanu ndi wa munthu amene anakonda, ndipo sindikukuweruzani.

Koma tsopano mwana wake Noah wakwanitsa chaka, wayamba kuyenda. Chiyamiko anapita yekha kwa ahedi, ndipo anamuuza kuti malo ake a Folomu 2 alipo, chofunika n'chakuti womulera akasaine. Inu munandiyankha pa foni kuti madzi akatayika saoleka, ndiye azithandiza alamu kuyanika nsomba. Mwambiwo ndi woona, koma Chiyamiko si madzi. Ndi mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri amene ankakhoza masamu kuposa anyamata a m'kalasi mwake.

Ine ndinasiyira Sitandade 6 chaka chimene bambo anamwalira, n'kupita kunyanja kukayanika matemba. Inunso munasiya n'kukwera bwato. Sindidandaulira munthu, panalibe kuchitira mwina, ndipo nthawi imeneyo nyanja inkadyetsa. Lero ndinu amene mumandiuza kuti maukonde akumabwera opepuka ndipo madzi akumathawa chaka ndi chaka. Ndikaganiza kuti Chiyamiko adzafike msinkhu wangawu, adzapatsidwe pepala n'kulibweza lopanda kanthu ngati ine, ndimasowa mtendere.

Sindikulonjeza kuti adzakhoza, kapena kuti ntchito ikumudikira. Alipo a masatifiketi amene akugulitsa mayunitsi pa Limbe pano. Koma iwowo chitseko chikatseguka amaitanidwa. Ife a Sitandade 6 satifunsa n'komwe dzina.

Pempho langa ndi limodzi. Sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala, mupite naye kwa ahedi mukasaine. Za yunifolomu, makope ndi fizi mundisiyire ine. Za Noah ndinalankhula kale ndi alamu, ndipo avomera kumamuyang'anira m'mawa mpaka mayi wake aweruke. Amaopa kukuuzani, ndiye musawakalipire, mlandu ndi wanga.

Ndikutsindika kuti mupite naye inuyo, osati kungotumiza mawu. Ndinamufunsa Chiyamiko ngati adzapirire kusekedwa. Anandiyankha kuti kuseka kwa anzake sakuopa, chimene chimamulemera n'chakuti chibadwire Noah, iyeyo Chiyamiko simunamuitanepo ndi dzina lake. Anati akadzalowa pa geti la sukulu amalume ake ali pambali pake, oseka adzaseke mmene angafunire.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti mafuta opaka mwendo ali m'kathumba kamene ndapatsira a Usumani, azipaka madzulo osaiwala. Moni kwa alamu a Jane, kwa ana onse, kwa azakhali a ku Nsamala mukakumana nawo, ndi kwa anzanga a kwaya kutchalitchi. Noah mumunyamuleko m'malo mwanga. Yankho mupatsire a Usumani akamabweranso, ndidzakhala ndikuwadikira pamsika.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Sabina